Funso la Chodziwadziwa pa Gombe la Kande

Pa gombe la Kande tsiku limayamba nyali za asodzi zisanazime. Usiku wonse zimaphethira kutali panyanja ngati mudzi woyandama, ndipo kum'mawa kukayamba kufiira mabwato amatulukira limodzilimodzi, ena kuseri kwa kachilumba kapafupi ndi gombelo, ena chakumpoto, mbali ya ku Bandawe. Amayi a mabeseni amakhala atafika kale. Ogula ochokera ku Mzuzu, ku Kasungu ndi ku Lilongwe amaima chapatali, manja m'matumba, kubisa changu chawo kuti mtengo usakwere.

M'mawa wina wotere, ndili mnyamata wobwera kutchuthi kwa azakhali, ndinaona bambo wina wamalonda, mlendo ndithu, akuthamangira bwato lisanakokedwe n'komwe. Moni sanapereke. Anangogwira m'mphepete mwa bwatolo n'kufunsa kuti, "Mwapha, achimwene?" Msodziyo anali atachezera panyanja usiku wonse, maso ali psuu. Anamuyang'ana mlendoyo, nayang'ana kumtunda kumene kuli nyumba, natchera khutu ngati akumvetsera kanthu, kenaka anati, "Mwamva maliro kumudziku?"

Anthu onse pagombepo anafa nalo phwete. Mlendo uja anayamba waima kakasi, kenaka naye anaseka, nabwerera m'mbuyo pang'ono, napereka moni umene anaiwala uja. Usipa anagula, ndipo anamuikirako basera.

Ndakhala ndikulisinkhasinkha funso limenelo zaka zambiri. Kusukulu aphunzitsi a Chichewa anatiuza dzina lake, funso la chodziwadziwa, natilembetsa m'kope pamodzi ndi zifanifani ndi zining'a, ngati chida cha alakatuli. Koma ine ndinali nditalimva kale lili lamoyo, likununkha usipa. Msodzi uja anagwira mawu amodzi, kupha, amene kunyanja amatanthauza kugwira nsomba, nawatembenuza kuti aonetse nkhope yawo ina. Potero ananena zinthu zingapo zimene sanazitchule: kuti munthu amayamba ndi moni, kuti chilimira chikadali m'bwato ndipo maso muli nawo, kuti amene wagona pamadzi amayenera kuponda kaye mchenga asanayambe kufunsidwa za malonda. Akanazinena mwachindunji pakanabuka mkangano, mwina malondawo akanafera pomwepo. Iye anafunsa, ndipo mlendoyo anadzidzudzula yekha mumtima, uku akuseka.

Kumeneku n'kwa Atonga, ndipo iwo okhaokha amacheza, kukangana ndi kuseka m'Chitonga. Chichewa chimatuluka pamalonda, m'basi, ndi m'nyumba ngati ya azakhali anga, amene anachokera ku Nkhotakota n'kudzakwatiwa ndi msodzi wa ku Kande. Zimene ndikulemba pano ndi zimene zinanenedwa m'Chichewa ine ndikumva, kapena zimene azakhali ankanditanthauzira madzulo tikusenda chinangwa chokaviika. Lusoli limawoloka bwinobwino kuchoka m'chilankhulo china kulowa m'chinzake, monga mmene anthu ake amawolokera.

Makolo anatisiyira miyambi yotamanda kufunsa. Safunsa anadya phula. Kufunsa ndi kudziwa njira. Miyambi imeneyi ikunena za munthu amene sadziwa ndipo akufuna kudziwa. Koma tawerengani mafunso amene mumamva kuyambira m'mawa mpaka madzulo, muona kuti a mtundu umenewo ndi ochepa. Munthu waima pakhomo panu, chikwama chili m'manja, fumbi lili kumapazi, inu n'kumufunsa kuti, "Mwabwera?" Mwamupeza mnzanu mpeni uli m'manja, nsomba ili pathabwa, "Mukutumbula?" Palibe chimene mukufuna kudziwa. Mukumuuza kuti ndakuonani, muli m'maso mwanga, simuli nokha. Amene wafika pamudzi osafunsidwa ndi aliyense ngati wabwera amagona ngati sanafike. Ndipo popeza funsolo m'kati mwake mulibe katundu, limasiya malo oseweramo. Msuweni wanu ayankha kuti, "Ayi, ndikadali pa Dwambazi, uwu ndi mthunzi wanga chabe," macheza n'kuyambira pomwepo.

Azakhali analera ana asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo ife obwera kutchuthi, ndipo sindikumbuka atatukulapo ndodo. Ankalera ndi mafunso. Mwana akalowa n'kusiya khomo lili pululu: "Kumbuyoko kukubwera wantchito wako?" Akatapa ndiwo mopitiriza: "Anzakowa adyera mbale?" Wina akafika mdima utagwa kale n'kumati sanaone kuti kwada: "Dzuwa la kumene unaliko limalowa mawa?" Mwana wina wochokera ku Lilongwe atayamba kutafuna kondowole ngati nyama, iwo anamuyang'ana mwachifundo n'kufunsa, "Wapezamo minga, mwananga?"

Chimene chimaseketsa m'mafunso otere ndi chithunzi. Funso limakuikira pamaso dziko losatheka n'kukupempha kuti uvomere ngati lilipo: ana akutafuna mbale, kamwana kokhala ndi wantchito wokatsekera zitseko, dzuwa lochedwa kulowa kumudzi woyandikana nawo. Umaliona dzikolo kamphindi, umaseka, umalikana, ndipo polikanapo wavomera kale kulakwa kwako popanda wokukakamiza. Lamulo limabwera lathunthu kuchokera kunja, ndipo mtima umatha kulikankha. Funso limabwera latheka. Theka linalo umamalizitsa wekha, ndipo chimene wamalizitsa wekha n'chovuta kuchikana. Mpaka lero, imvi zitayamba, ndikamatapa ndiwo pagulu ndimawamva azakhali m'khutu.

Pamsika ndiye pamene mawu amavinitsidwa. Chichewa chili ndi mawu ambiri amapasa, olembedwa mofanana koma osiyana pa kamvekedwe, kapena ofanana ndithu koma onyamula matanthauzo awiri. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kakwezedwe ka liwu basi, ndipo wogulitsa wochenjera amadziwa kunamizira kusamva kusiyanako. "Mtengo wake?" "Mwaona masamba pa usipawu?" Mayi wina akukwera chitunda kuchoka kugombe, beseni lodzaza lili pamutu, mnzake anamufuulira kuti, "Lero ndiye mwalemeratu, eti?" Iye osatembenuka n'komwe: "Walemera ndani, ine kapena beseni?" M'kafunso kameneko munali nkhani yonse ya malonda a usipa: ngongole ya dzulo, ndalama ya thiransipoti, mvula imene ingagwe usipa uli pathandala n'kuwononga zonse. Beseni limalemera tsiku lililonse. Mwini wake kawirikawiri amangolemedwa.

Pa Mpamba, pamene maminibasi a pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay amaima anthu n'kumagula zinthu pawindo, ndinamva mayi wina akufunsa bambo amene ankafinya nthochi imodzi ndi imodzi osagula, "Adokotala, mwazipeza ndi malungo?" Bamboyo sanachedwe: "Nanga odwala amalipiritsa dokotala?" Onse awiri anaseka, ndalama inatuluka, nthochi zinalowa m'galimoto.

Taonani kuti bamboyo anabweza. Pamenepa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi. Funso la chodziwadziwa lili ngati mpira wa chikulunga, kukoma kwake n'kwakuti wina akakumenyera nawe umamenya kubweza. Limafuna anthu awiri oima pa mchenga umodzi. N'chifukwa chake limakhala pakati pa asuweni, pakati pa agogo ndi adzukulu, pakati pa alamu, pakati pa wogula ndi wogulitsa amene aliyense wa iwo akhoza kuchokapo. Apongozi suwafunsa ngati maso ali nawo. Mwana amene azakhali amufunsa za wantchito wake sabweza tsiku lomwelo, n'zoona, koma amadziwa kuti wofunsayo ndi yemwe amutenthetsere madzi osamba madzulo, ndipo akakula adzabweza. Ana a azakhali onse anakula ali akatswiri, ndipo mayi awo atakalamba ankalandira mafunso awo omwe, akuseka ndi kuwomba m'manja.

Ngakhale timawu tating'ono ta chilankhulo chathu tinagawana ntchito pa masewerawa. "Kodi" ndiye amatsegula bwalo. "Eti" amakugwira pamkono, kukupempha kuti uime naye. "Nanga" ndiye mawu obwezera, ndipo mukamva munthu wayamba ndi "nanga" dziwani kuti mpira ukubwerera kumene unachokera. Zotsalazo zimanenedwa ndi nsidze, ndi kupendeka kwa mutu, ndi kamphindi kaja kamene msodzi uja anakhala chete akutchera khutu kumtunda. Akanafunsa mothamanga, nkhope ili gwaa, mawu omwewo akanakhala mwano.

Sindidabwa kuti luso limeneli linakula chotere m'dera lino. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kutulutsa buku lotchedwa The Politics of Kinship mu 1964, anapeza anthu opanda mfumu imodzi yaikulu yolamula onse, kumene munthu amakwera chifukwa cha luso lokopa abale ndi kuyendetsa milandu, osati chifukwa cha mpando wokha. Kumene sungalamule umayenera kukopa. Pa mphala, amuna akusoka maukonde mlandu uli m'kati, mkulu wanzeru sathamangira kunena kuti wakutiwakuti walakwa. Amafunsa ngati wosokonezeka: "Ndiye kuti mbuziyi inadzimasula yokha, n'kukadzigulitsa yokha, ndalama n'kudziponya m'thumba la munthu ali mtulo?" Anthu amaseka, wolakwa amaweramitsa mutu, ndipo chigamulo chimakhala chaperekedwa ndi bwalo lonse mkuluyo asanatchule dzina la munthu. Mawa onsewo akakokera limodzi khoka, choncho m'pofunika kuti wolakwayo atsale ndi nkhope yobwera nayo kugombe.

Ngakhale nkhondo zakale zinasanduka mafunso. M'zaka za m'ma 1870 Atonga amene anali pansi pa Angoni a M'mbelwa anathawa kubwerera kunyanja, ndipo Angoni atawatsatira anagonjetsedwa pa linga la Mankhambira ku Chintheche. Magazi enieni anakhetsedwa. Lero mdzukulu wa Mngoni akatsika kuchokera ku Mzimba kudzagula usipa, mdzukulu wa Mtonga amamulandira ndi funso: "Mwayamba liti kudya nsomba, inu a ng'ombe?" pakuti Angoni akale nsomba sankadya. Winayo naye ali nalo lake: "Nanga inu mwavala tayi kuti usipa ukupatseni ulemu?" pakuti za Atonga ndi kutchena dziko lonse limadziwa. Amaseka, amagwirana chanza, amatsitsirana mtengo. Kwa ine ndi chinthu chamtengo wapatali kuti ana a anthu amene analasana ndi mikondo anapeza njira yokumbukira zakalezo popanda kuzikwirira ndiponso popanda kuzidzutsa.

Ku Bandawe kunabwera funso la mtundu wina. Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia atasamuka ku Cape Maclear mu 1881 anadzamanga pano, ndipo ngakhale likulu linasamukiranso ku Khondowe mu 1894, Bandawe inatsala ndi masukulu ake, amene Atonga anawakhamukira mwaunyinji. Tchalitchi chakale chikadalipo, ndi manda a amishoni amene malungo anawatenga akadali achinyamata. Sukulu ndi kalasi ya ubatizo zinadza ndi funso la katekisimu ndi la mayeso. Nalonso wofunsa amadziwa kale yankho, koma kusiyana kwake n'kwakukulu: apa yankho liyenera kutuluka pakamwa pako ndendende, ndipo ukaphonya chitseko chimatsekeka. Anthu ankadikira zaka kuti abatizidwe. Pamene Elliot Kamwana, mwana wa dera lomweli, anabwerera kwawo kumapeto kwa 1908 ndi uthenga wa Watch Tower n'kumabatiza popanda kudikiritsa kotero, anthu oposa 9,000 anapita kwa iye m'miyezi yochepa, mpaka boma la atsamunda linamugwira n'kumuchotsa kwawo mu 1909. Anadzaloledwa kubwerera mu 1937. Zifukwa za khamulo zinali zambiri, msonkho ndi zina, koma ine ndimamvamonso kutopa kwa anthu ozolowera funso lobwezeka atapezeka pamaso pa funso limene sungabweze. Sindikunyoza masukuluwo. M'menemo munatuluka Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, ndi Yesaya Zerenji Mwasi, amene mu 1933 anachoka mu mpingo wa amishoni n'kulemba zifukwa zake poyera. Anaphunzira kuyankha mafunso a azungu, kenaka anayamba kuwafunsa awo.

Ulendo wa Kadalie unali ulendo wa amuna ambiri a kuno. Pa nthawi ya van Velsen amuna oposa theka ankakhala ali kunja, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Joni, ambiri opita pa selufu. Lero ndi Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo nyumba zambiri zamalata zimene mumaona m'mbali mwa msewu wa M5 zinamangidwa ndi marandi. Mkazi wotsala sangakalipire mwamuna ali kutali, chifukwa akamukalipira mwina ndiye atchoneratu. Agogo ena, apongozi awo a azakhali, ankasimba kuti amuna awo atatha chaka osalemba kalata, iwo anapita kwa mphunzitsi kukalembetsa yawo. Atatha moni, za ana ndi za chinangwa, anamuuza mphunzitsiyo kuti amalize ndi funso limodzi: kodi ku Salisbury mapepala anatha, titumize a kuno? Mwezi wotsatira kalata inabwera, muli ndi ndalama. Adzukulu awo masiku ano amatumiza uthenga pafoni: "Kodi ku Joni netiweki inagwa, tikutumizireni ya ku Kande?" Mawu asintha, ntchito yake ndi yomweyo. N'kunena kuti tikukusowa, tikuvutika, watiiwala, koma m'njira yoti wolandirayo aseke kaye, manyazi amugwire pambuyo, ndipo njira yobwerera kwawo ikhale yosatsekeka.

Koma funso lomweli likachoka pamchenga n'kukwera pampando limasanduka chikoti. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbuka anyamata oima pachipata cha msika kapena pakhomo la basi: "Kadi ili kuti? Kodi iwe uli pamwamba pa chipani?" Funso lachiwirilo linalinso la chodziwadziwa, koma palibe ankaseka ndipo palibe ankabweza. Dera lino linalawa zowawa za nthawi imeneyo. Kanyama Chiume, wobadwira ku Usisya mu 1929, anachoka m'dziko pambuyo pa kusamvana kwa nduna mu 1964, ndipo anakhala kunja zaka 30. Orton Chirwa, mwana wa boma lino la Nkhata Bay, amene anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1981, nafera m'ndende ya Zomba mu 1992. M'zaka zimenezo anthu wamba anabisala m'funso lomwelo. Mlendo akafunsa za boma, yankho linali lakuti, "Ife tinganene chiyani?" Kunali kovuta kumutengera munthu kupolisi chifukwa cha mawu amenewo, koma amene anali ndi makutu ankamva zonse.

Chipani chimodzi chinatha, koma mpando ukadalipo. Tsiku lina ndinaperekeza mlamu wanga kuchipatala china, mwana ali kumsana thupi lili moto. Tinanyamuka tambala woyamba, wapansi, chifukwa masiku awiri a m'mbuyomo ndalama ya njinga inali itasowa. Amene anatilandira sanatukule n'komwe mutu. "Munali kuti masiku onsewa? Mumadikira kuti afe kaye?" Kapangidwe ka funsolo n'kofanana ndi ka azakhali. Muli chithunzi, muli kukokomeza, ndipo mwina mwini wake ankayesa nthabwala, pakuti anzake awiri anaseka. Mlamu wanga anangoyang'ana pansi. Akanabweza bwanji, mankhwala a mwana wake ali m'manja mwa wofunsayo? Ndikudziwa kuti ogwira ntchito m'zipatala zathu amatopa ndi mizere yosatha, ndipo ambiri a iwo ndi anthu achifundo. Komabe ndikunena mosabisa kuti funso lotere si nthabwala. Ndi nkhanza yovala malaya a nthabwala. Mwanayo anachira, koma atadwalanso mayi ake anazengereza kupita naye, ndipo kuzengereza kumeneko kunabadwa pa funso lija.

Ku Usisya ndinaona zosiyana. Kumeneko mapiri amatsikira m'nyanja, msewu wochokera ku Mzuzu umavuta nthawi ya dzinja, ndipo Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imaima patali ndi gombe, anthu n'kutsika ndi maboti aang'ono. Boti likafika pamadzi osaya aliyense amadumphira m'madzimo. Bwana wina wa suti anakakamira pampando, akuti nsapato zinyowa. Mnyamata wonyamula katundu, wopanda nsapato kuphazi, anamufunsa mwaulemu wonse, "Bwana, tikuitanireni nyanja youma?" Bwanayo anaseka mpaka misozi, navula nsapato, napinda buluku, natsika. Apa funso linakwera kuchokera pansi, ndipo linakoma chifukwa wamkuluyo analilandira. Wamng'ono akafunsa wamkulu chotere amadziika pachiswe. Mnyamatayo akanatha kutukwanidwa, kapena kumanidwa katundu woti anyamule tsikulo.

Pali malo ena amene funsoli limafika, kumene kuseka sikufikako. Chaka china m'mwezi wa Julayi mwera unauka usiku mabwato ali pakati. Ambiri anabwerako. La amuna awo a azakhali linapezeka m'mawa litatembenuzika, nyali zitapita, ndipo mtembo unatuluka tsiku lachitatu chakumpoto. Masiku awiri ajawo azakhali anakhala pamchenga osalowa m'nyumba. Sanalire mokweza. Ndinawamva akulankhula ndi madzi, motsitsa mawu, monga mmene ankachitira ndi ife: "Nyanja iwe, nsomba zonsezi sizinakukwane?" Linali funso lomwe lija, la chithunzi chosatheka, koma panalibe woseka ndipo panalibe wobweza. Pamaliro amayi analira monga alirira kulikonse kwathu kuno, kumufunsa womwalirayo kuti ana wawasiyira yani, kuti wapita bwanji osatsazika. Palibe amayembekezera kuti bokosi liyankha. Timafunsa chifukwa mawu achindunji, akuti wapita ndipo sabweranso, sanyamulika tsiku limodzi. Funso limasiya chitseko chotsegula pang'ono, ngati kuti kukambirana sikunathe.

Abusa analalikira za Yobu, amene anafunsa Mulungu mafunso ambirimbiri, Mulungu n'kumuyankha ndi mafunso enanso, mitu inayi yathunthu kuyambira mutu 38. Ku Sande sukulu ndinkaona ngati Yobu analakwiridwa, pakuti chimene anafunsa sanauzidwe. Pamaliro amenewo ndinayamba kuganiza mwina. Yobu ndiye anayamba kufunsa, ndipo sanakanthidwe chifukwa cha kufunsako. Kubwezeredwa funso ndi kuvomerezedwa kuti ulipo, wamveka, ndipo Wamkuluyo watsika kudzaima nawe.

M'masiku otere ndi mmene mumabadwa maina athu ofunsa. Tinenenji. Ndalakwanji. Tichitenji. Tidyenji. Mwana amanyamula funso la makolo ake moyo wake wonse, ndipo tsiku lililonse mayi akamuitana kudzadya amalifunsanso, mpaka ululu wake utazilala, n'kutsala dzina chabe la mwana wokondedwa. Msuweni wanga amene anabadwa miyezi inayi bambo ake atamira ali ndi dzina la mtundu umenewu. Lero ndi mayi wa ana atatu, wansangala, ndipo munthu akamufunsa tanthauzo la dzina lake amati, "Mukufuna muliyankhe ndinu?"

Tsiku lotsatira maliro azakhali anakana kudya, chonsecho anali oyembekezera. Anawaphikira phala, anakana. Tiyi, anakana. Madzulo kunabwera mayi wina wachikulire woyandikana nawo nyumba, mnzawo wa macheza, amene ankanyozana naye tsiku ndi tsiku za kaphikidwe ka chigwada. Anakhala pamphasa, navundukula mbale ya kondowole ndi utaka, nati, "Mukufuna anyamatawa akakumbenso mawa? Matuza a dzulo mwaona kuti apola?" M'nyumba monse munati zii. Ine mtima unagunda, poganiza kuti mayiyo wapitirira malire. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenaka milomo inayamba kunjenjemera, naseka, kuseka kosakanizika ndi kulira. "Nanga mchere mwakumbukira lero?" anatero, nasamba m'manja. M'mudzi monsemo munali munthu mmodzi yekha amene akanatha kufunsa funso limenelo, ndipo anadziwa kuti ndi iyeyo. Analigula ndi zaka 20 za kupalana moto ndi kusungirana ana.

Inu amene mumakhala kuseri kwa tebulo, pawindo la ofesi, m'kalasi kapena m'chipinda cha odwala, funso likafika palilime yang'anani kaye ngati amene ali patsogolo panuyo angathe kukubwezerani lake. Ngati sangathe, limezeni, munene mawu wamba. Ndipo inu amene mudzadutsa pa M5, mudzatsike pa Kande, mugone, mulawirire kugombe. Yambani ndi moni, "Timoneni" akwanira. Akakufunsani za maliro kumudzi musakwiye, konzani lanu. Mudzapite mwezi uli mumdima, chifukwa ukawala usipa subwera kunyali ndipo mabwato ambiri amagona pamtunda.